Makina anamva mtima wa a Elube, kalata inapita kwa a Fanesi

Lolemba lapitali, nthawi ya buleki, ndinaona thirakitala ya pa esiteti ikutsika msewu wa kuseri kwa sukulu yathu. Inkathamanga mwachilendo, ndipo m'ngolo yake munalibe tiyi. Munali amayi atatu. Awiri anali atagwada, wachitatu atamugoneka pa masaka n'kumufunditsa chitenje mpaka pachifuwa.

Ndinazindikira duku la wogonayo. Anali a Elube, aneba anga. Nyumba yawo ndi yanga zangolekana ndi mzere wa nthochi.

Akuti anagwa ali m'munda, dengu lili kumsana. Tiyi amafika m'chiuno, choncho munthu akagwera pakati pa mizere saoneka. Anzawo anadabwa kuona kuti mzere wa a Elube wasiya kuyenda, ndipo atapita anawapeza ali gone, maso ali tong'o. Ndi sitiroko. Mbali yonse ya kumanja yafa, pakamwa papindika, mawu sakutuluka.

Ndikulemba izi ndili ndi chisoni komanso ukali, ndipo mmodzi mwa anthu omwe ndawakwiyira ndi ine ndemwe. Sitiroko imeneyi sinabwere mozemba ayi. Inachita kulengezedwa pakalata, ndipo kalatayo ndinaiwerenga ine, ndi maso angawa, milungu itatu m'mbuyomo.

Ndiyambire poyambira kuti mundimvetse.

Mwezi watha kunabwera anthu ku kachipatala ka pa esiteti ndi kachipangizo kosaposa sopo wosambira. Umaikapo zala ziwiri za dzanja lililonse, n'kukhala phee kwa theka la mphindi, ndipo foni yomwe ili pambali imajambula kagundidwe ka mtima wako. M'fonimo muli zija akuti AI, nzeru za kompyuta zomwe anaziphunzitsa poziwonetsa kagundidwe ka mitima ya anthu ambirimbiri, mpaka zinadziwa kusiyanitsa mtima woyenda bwino ndi wosokonekera.

Aphunzitsife anatilola kukayezetsa nawo. Anesi athu, a Tiwonge, mtsikana wa ku Rumphi wolankhula mosazungulira, anatifotokozera chomwe makinawo akufufuza. Anati pali vuto lina lomwe mtima umagunda mobalalika koma mwini wake samva kanthu. Amadya, amalima, amaseka. Koma mkatimo magazi amachedwa pa kangodya kena ka mtima n'kuundana, ndipo tsiku lina kachibulumwa kamagaziko kamanyamuka n'kukatseka mtsempha wa mu ubongo. Anati vutoli likadziwika msanga pali mankhwala oletsa magazi kuundana, ndipo munthu akhoza kupewa sitiroko.

Wanga mtima anaupeza uli bwino. Ndinawauza anesiwo kuti mtima womwe wapirira ana a Sitandade 3 kwa zaka khumi ndi zisanu ndi zinayi sungaope kafoni. Tinaseka, ine n'kubwerera kukalasi.

Otchola tiyi sanawayezere kuchipatala. Anawatsatira pa shedi, pomwe amakayezetsa tiyi wawo masana. Mzere unali wautali, mvula inali itazinga, ndipo kuti zinthu zifulumire aliyense ankangomufunsa funso limodzi, lomwe kalaliki wa pa sikelo amafunsa tsiku ndi tsiku: "Nambala?" Mayina ndi zaka anakazitenga pambuyo pake m'kaundula wa esiteti.

Kwa munthu wokhala mu ofesi, maganizo amenewa ndi anzeru. Nambala imodzi, munthu mmodzi. Chovuta n'chiyani pamenepa?

Chovuta n'chakuti kuno nambala si ya munthu, ndi ya banja. Ine ndine wa ku Kasungu, ndipo zinanditengera zaka kuti ndizimvetse. Ntchito yotchola tiyi amalemba pa sizoni, ndipo munthu akakula msinkhu samulembanso. Ndiye mabanja anapeza njira yawo. Amalembetsa mwana kapena mng'ono, dzina lake n'kukhala m'kaundula, koma yemwe amavala dengu m'mawa ndi amene akusowa pogwira pakhomopo. Nthawi zambiri amakhala mayi wachikulire, wamasiye, yemwe ana ake anamusiyira zidzukulu.

Kapitawo amadziwa. Iye akufuna tiyi, ndipo manja a amayi achikulirewa ndi omwe amadziwa kutchola masamba awiri ndi kansonga popanda kuyang'ana. Kalaliki amayang'ana sikelo, osati nkhope. Manijala, kaya sadziwa kaya safuna kudziwa, ine sindinganene.

Nambala yomwe a Elube ankatcholera ndi ya mng'ono wawo, a Fanesi, mzime wa m'banjamo, yemwe sanakwanitse n'komwe zaka makumi anayi. A Fanesi amagulitsa tomato mumsika ku Boma. A Elube anadutsa zaka makumi asanu ndi limodzi, ndipo amalera zidzukulu zinayi ndi dengu lomwelo. Tsiku loyeza lija, zala zomwe zinakhala pa kachipangizo zinali za a Elube. Dzina lomwe linalembedwa linali la a Fanesi.

Kalata inabwera kudzera kwa kapitawo, yolembedwa m'Chingerezi. Lamulungu masana, titaweruka ku tchalitchi, ndinaona awiriwa akuwoloka mzere wa nthochi uja.

"Aphunzitsi, tatiwerengerani ichi," anatero a Fanesi. "Akuti n'cha kuchipatala."

Ndinawerenga n'kumasulira. Kalatayo inkati makina apeza kuti mtima wa mwini nambala ukugunda mosokonekera, ndipo apite ku chipatala chachikulu mosachedwa kuti akamuyezenso ndi makina akuluakulu.

"A Fanesi, kodi inu munayezetsa liti, poti mumakhala kumsika?" ndinafunsa.

Anayang'anana. Kenako anayamba kulankhulana m'Chilomwe mofulumira, ndipo ine Chilomwe changa mpaka lero chimathera pa moni. Atamaliza, a Elube ndi omwe anayankha.

"Zala zinali zanga, aphunzitsi. Nambala ndiye ya mng'ono wangayu."

"Ndiyetu opita kuchipatala ndi inuyo, mayi."

"Iii, ine ndikapite ngati ndani? Kumeneko akafuna chiphaso. Akaona dzina lina, nkhope ina, zaka zina. Mawa lake lipoti lili pa tebulo la bwana. Nambala akaitseka, ana ajawa adya chiyani? Masamba a tiyi?"

"Nanga mukadwala?"

Anaseka, n'kudzimenya pachifuwa ndi chikhatho. "Ndidwale pati? Dzulo lomweli ndatchola kuposa atsikana. Mutu ayi, chifuwa ayi, befu ayi. Kafoni kadziwe thupi langa kuposa ine mwini?"

A Fanesi anali atabwera ndi nzeru yawo kale. "Ndipita ndine, aphunzitsi. Dzina si langa kodi? Akandiyeza n'kupeza kuti ndili bwino, nkhani yatha, nambala yapulumuka."

Owerenga anga, apa ndi pomwe ndikufuna mundiyang'anitsitse. Pa anthu atatu omwe tinakhala pakhonde panga tsiku lija, ndine ndekha yemwe ndinamva anesi akufotokoza kuti matendawa sapweteka. Ndinkadziwa kuti "sindikumva kanthu" si umboni. Ndinayeseradi kuwauza, koma mofooka, ngati munthu wochita manyazi pa nkhani ya eni ake.

Njira yabwino ndinaiona. Ndinati: "Chabwino, a Fanesi apite ndi kalatayi. Koma inu mayi mudzapitenso panokha ndi kabuku kanu ka kuchipatala, osatchula za esiteti. Mudzangoti mukufuna akuyezeni mtima. Ndidzakuperekezani ndikamaliza kuchonga mayeso."

"Eya, tsiku lina tidzapita," anatero a Elube, akunyamuka.

Mayeso ndinamaliza kuchonga. Kenako kunagwa maliro kwa a hedi athu. Kenako mvula inavumba masiku atatu, msewu n'kuterera. Ndipo m'mawa uliwonse ndinkawaona a Elube akukwera chitunda, dengu kumsana, akuyenda kuposa ine. Mtima wanga unakhala m'malo. Munthu woyenda chonchi angakhale wodwala?

A Fanesi anapitadi. Anawamata mawaya pachifuwa, pepala linatuluka, mtima uli bwinobwino. Adokotala anawauza kuti mwina makina aja analakwitsa, kapena vutoli limabwera n'kumapita, koma pa msinkhu wawo asade nkhawa, abwerenso akamva zachilendo. Kodi akanati chiyani? Anayeza munthu yemwe anaima patsogolo pawo.

Anabwerako ndi mandasi. Tinadyera limodzi pakhonde pa a Elube. "Mwaona? Makina aja ndi abodza," anatero a Fanesi. A Elube anaseka mpaka kutsokomola. Inenso ndinaseka nawo, ndipo kuseka kumeneko kukundiwawa mpaka lero.

Makinawo sananame. Pa tonsefe, ndi okhawo omwe ananena zoona, ndipo anazinena nthawi ikadalipo.

Ndikudziwa kuti ena mwa inu mukuti kale: "Ndi umbuli wa anthu akumudzi umenewo." Dikirani kaye. A Elube sanali mbuli. Anayeza zinthu ziwiri, matenda omwe sakuwamva ndi njala yomwe amaidziwa bwino, n'kusankha kuopa njala. Inu amene muli ndi ntchito yokhazikika, mukadwala mumalemba kakalata n'kugona kunyumba, malipiro osasuntha. Munayamba mwaopapo kuti dokotala akakupezani ndi vuto ndiye kuti pakhomo panu moto wazima?

Funso langa lipite kwa omwe anabweretsa makinawa. Munaphunzitsa kompyuta kumva kagundidwe ka mtima komwe ngakhale mwini wake sakumva. Ndakugwadirani, ndi luso lalikulu. Koma inuyo munalephera bwanji kufunsa mayi wa imvi yemwe waima patsogolo panu kuti "Dzina lanu ndani?" Ndani anakuuzani kuti malo abwino oyezera matenda a munthu ndi pa shedi, kapitawo ataima pambali? Ndani anati kalata ya kuchipatala idutse m'manja mwa munthu yemwe ali ndi mphamvu yokuchotsa ntchito?

Mukanafunsa wogulitsa zitumbuwa aliyense wa pa geti, akanakuuzani za manambala musanatsegule n'komwe chikwama chanu.

Ifenso tili ndi lathu. Matenda timawayeza ndi ululu. Ngati sizikupweteka ndiye kuti palibe. Munthu akagwa timathamangira kunena kuti "dzulo lomweli tinali naye, ali bwinobwino," kenako n'kuyamba kufunafuna womuchita. Pa mjigo ndamva kale kuti a Elube anachita kulodzedwa ndi mnzawo wina wa nsanje chifukwa ankatchola kwambiri. Dzina la mayiyo likutchulidwa kale monong'ona. Za kalata palibe akunena.

Lachiwiri ndinapita kuchipatala kukawaona a Elube. Anali pa bedi la kukhoma, a Fanesi akuwapukuta dovu. Atandiona, diso lawo linanditsatira kuyambira pakhomo mpaka pomwe ndinakhala. Anayesa kulankhula, koma chomwe chinatuluka sichinali mawu. Sindikudziwa ngati ankandipatsa moni kapena ankandikumbutsa za tsiku lina lija.

Adokotala anabwera, anawagwira pamkono kwa kanthawi, kenako anawamvetsera pachifuwa.

"Mtima wawo ukugunda mobalalika," anatero. "Mwina ndi pomwe pachokera zonsezi. Kodi anayamba ayezetsapo mtima?"

A Fanesi anayang'ana pansi. "Ayi, adokotala."

"Zikanadziwika msanga, bwenzi titawayambitsa mankhwala."

Ine ndinali pompo, ndipo za kalata ija nanenso ndinawabisira adokotalawo.

Lachitatu ndinalephera kuphunzitsa. Ndinawasiyira ana ntchito pa bolodi n'kupita kwa anesi a Tiwonge. Ndinawauza zonse, za nambala, za kalata, za mandasi, ngakhale za kuseka kwanga. Ndinkaganiza kuti andikalipira. Iwo anangokhala pansi pang'onopang'ono, n'kutsegula fayilo yomwe inali pa tebulo.

"Aphunzitsi, si a Fanesi okha," anatero. "Alipo angapo omwe makina anawaloza, atapita kukayezedwanso n'kupezeka ali bwino. Onse ndi achichepere. Ine ndinkadabwa. Ndinafika polemba mu lipoti kuti makinawa akuoneka kuti amalakwitsa pa amayi achitsikana."

Pomwepo ndinamvetsa. Ndiye kuti kumtunda kuja kuli amayi ena achikulire, kaya atatu kaya angati, omwe makina anamva mitima yawo ikusokonekera, ndipo m'malo mwawo kuchipatala kunapita ana awo ndi ang'ono awo. Nawonso anauzidwa kuti nkhani yatha.

"Muwafufuze mwakachetechete, chonde," ndinawapempha. "Zikamveka ku ofesi, anthu ataya ntchito."

Anayesa. Tsiku lomwelo anapita kwa kapitawo n'kumufunsa kuti amene amatcholera pa manambala akutiakuti ndi ndani. Kapitawo anavula chipewa mwaulemu wonse. "Sisitala, kuno aliyense amatchola pa nambala yake. Za zimenezo ine sindinamvepo." Nayenso ali ndi ana. Akanavomera, woyamba kuchotsedwa akanakhala iyeyo.

Ndiye mtsikana uja akanatani? Ali ndi manambala m'manja, akudziwa kuti kuseri kwa nambala iliyonse kuli munthu yemwe akhoza kugwa mawa, ndipo palibe womuuza dzina. Lachinayi m'mawa anapita kwa manijala. Anapempha chinthu chimodzi chokha, kuti amulole kuyezanso otchola onse, ulendo uno akufunsa dzina ndi zaka za munthu aliyense.

Manijala anamva zina. Anamva kuti pa esiteti pake pali anthu ogwira ntchito osalembedwa. Pofika masana lamulo linali litatuluka: Lachisanu aliyense abwere ndi chiphaso cha unzika, nkhope igwirizane ndi nambala, ndipo nambala iliyonse yomwe ipezeke kuti inkabwerekedwa itsekedwa.

Lachisanu amayi achikulire sanabwere. Ndi mmodzi yemwe. M'malo mwawo munaima atsikana, ena osadziwa n'komwe kumanga dengu, aliyense chiphaso chake m'manja. Anesi anakhala pa tebulo ndi kachipangizo kawo mmawa wonse, akuyeza mitima yathanzi. Anafunsa aliyense mwa omwe analandira makalata aja kuti tsiku loyamba zala zinali za ndani. Yankho linali limodzi: "Zinali zanga."

Nambala ya a Fanesi yokha ndiyo inalibe pobisala, poti esiteti yonse inaona yemwe ananyamulidwa pa thirakitala. Anaitseka tsiku lomwelo. M'kaundula, a Elube sanagwirepo ntchito pa esitetiyo ngakhale tsiku limodzi, choncho palibe chomwe esiteti ingawachitire.

Abwana a maesiteti, ndikudziwa kuti ena mwa inu mumawerenga tsamba lino. Malamulo anu a msinkhu sindikuwatsutsa lero. Ndikungopempha kuti mutulutse mawu amodzi omveka, kuti mayi aliyense amene anaika zala pa kachipangizo kaja apite kwa anesi, ndipo palibe nambala yomwe itsekedwe chifukwa cha iye. Tiyi wawo munamulandira, munamuyeza, munamugulitsa. Simunafunse zaka za manja omwe anamutchola. Mwayamba kuzifunsa lero, pomwe kufunsako kukubisa odwala?

Kaya amva, kaya samva. Ine sindikanatha kudikira. Dzulo, Loweruka, ndinapitanso kuchipatala, ndipo ndinakumana ndi a Fanesi panja pa wodi atanyamula beseni la zovala za achemwali awo. Sanandipatse moni.

"Mwamva zomwe zachitika, aphunzitsi?"

"Ndamva. Pepani, sindinafune kuti zifike pamenepa."

"Tinabwera kwa inu ngati munthu wathu. Masabata atatu munali chete, achemwali akukwera phiri. Agwa, ndiye mwapeza pakamwa. Pano iwo ali gone umo, nambala yapita, ana ali kunyumba akundiyang'ana ine."

Sananame paliponse. Koma ndinali nditabwera ndi pempho, ndipo ndinalinena ngakhale manyazi anali atandigwira.

"A Fanesi, enawo mukuwadziwa. Amayi omwe makalata awo anapita kwa ana awo. Ndiuzeni dzina ngakhale limodzi. Ndikawatenga ndekha Lolemba m'mawa, sukulu ndijomba, tikwera minibasi, esiteti sidziwa kanthu. Ulendo uno sindinena kuti tsiku lina."

Anaika beseni pansi.

"Ndikuwadziwa onse," anatero. "Mmodzi ndi apongozi anga enieni."

"Ndiye tiyeni tiyambire iwowo."

"Nambala yawo ndi ya mlamu wanga. Ndi yokhayo yomwe yatsala m'banja lonse." Anatola beseni lija. "Inu sindikuuzaninso kanthu, aphunzitsi."

Analowa m'wodi, ine n'kutsala panja.

Dzina la apongozi awowo sindilidziwa. Ndikungodziwa kuti amakhala kwinakwake cha ku Kapichi, kuti lero adzuka ali bwinobwino, ndiponso kuti mumtima mwawo magazi akhoza kukhala akuundana pomwe inu mukuwerenga izi. Yemwe angandilozere khomo lawo ndi mayi yemwe ndamuphera ntchito sabata yomwe ino.

Mukanakhala inu a Fanesi, mukanandiuza?